Sefa ya dongo yopakidwa siliva ku Ha-Mashamba: kapangidwe, kayesedwe ndi pomwe imalephera

Ku Ha-Mashamba, mudzi wa m'chigawo cha Limpopo ku South Africa, amayi a gulu la oumba mbiya la Mukondeni amapanga miphika yomwe siphikira ndiwo. Ndi masefa a madzi. Mphikawo amaukhazika pakamwa pa ndowa ya pulasitiki yokhala ndi kampopi, kuthiramo madzi a kumtsinje kapena a pachitsime, n'kuvundikira. Madzi amalowerera m'khoma la dongo n'kumadonthera m'ndowamo pang'onopang'ono. Fakitaleyi inakhazikitsidwa ndi bungwe la PureMadi, lomwe linayambitsidwa ndi akatswiri a ku University of Virginia motsogozedwa ndi James Smith, mogwirizana ndi University of Venda ya ku Thohoyandou.

Chimene chimakokera akatswiri a nanotechnology, sayansi ya tinthu ting'onoting'ono kwambiri, ku mphika umenewu ndi siliva amene amaupaka ukapsa. Ndi tizidutswa ta siliva tosapitirira ma nanomita 100 kukula kwake, toyandama m'madzi. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita, ndipo tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi ma nanomita 80,000. Ambiri akamva zimenezi amayesa kuti silivayo ndiye sefa, dongolo n'longomunyamulira. Si mmene zilili. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi dongo, utuchi ndi moto wa mu uvuni. Siliva amangomalizitsa zimene dongo lasiya, ndipo mphika wowotchedwa molakwika sangaupulumutse.

Njirayi anaiyambitsa ndi Fernando Mazariegos ku Guatemala mu 1981. Inafala mphepo yamkuntho ya Mitch itasakaza Central America mu Okutobala 1998, pamene bungwe la Potters for Peace, kudzera mwa Ron Rivera, linayamba kupanga miphikayi yambirimbiri ku Nicaragua pogwiritsa ntchito chikombole ndi makina opanikizira m'malo moumba ndi manja. Luso lake sanalibise, n'chifukwa chake lero mafakitale otere alipo ku Cambodia, Ghana, Kenya, Tanzania ndi kwina. Mu 2011 gulu lotchedwa Ceramics Manufacturing Working Group linatulutsa malangizo a kapangidwe koyenera, ndipo miyezo yambiri imene mafakitale amatsata imachokera kumeneko.

Dongo, utuchi ndi moto

Dongo amaliyanika mpaka liume gwa, kulipera, kenako kulisefa kuti muchoke timiyala ndi mizu. Utuchi nawo amausefa, ndipo apa sipofunika ulesi. Utuchi ndi umene umapsa mu uvuni n'kusiya timabowo todutsa madzi. Kachidutswa kamodzi kakatali kakapulumuka pa sefa, kakapsa kamasiya kanjira kodutsa khoma lonse, ndipo mabakiteriya adzadutsa pomwepo popanda chowatchinga. Ku Cambodia amagwiritsa ntchito mankhusu a mpunga opera m'malo mwa utuchi, koma lamulo ndi lomwelo.

Palibe muyezo umodzi wokwanira dongo lililonse. Kawirikawiri utuchi umakhala pakati pa 10 ndi 20 peresenti ya kulemera kwa zosakaniza zouma, koma nambala yeniyeni imapezeka powotcha miphika yoyesera ya miyezo yosiyanasiyana. Dongo likasintha, ngakhale lochokera mbali ina ya dambo lomwelo, kuyesako kumayambiranso. Kuyeza ndi sikelo kumaposa kuyeza ndi ndowa, chifukwa ndowa ya utuchi wotsendera ndi ya utuchi wongothira sizifanana. Komabe sikelo nayo imanama ngati utuchi wanyowa, choncho uzisungidwa pouma. Zouma zimasakanizidwa kaye pazokha mpaka mtundu ufanane ponseponse, madzi n'kubwera pambuyo. Mukafulumira kuthira madzi, utuchi umaundana malo amodzi, ndipo mphikawo udzakhala ndi mbali yothina ndi mbali yotayirira.

Mpira wa dongo woyezedwa kulemera amauika pakati pa zikombole ziwiri zokutidwa ndi pulasitiki kuti lisamatirire, n'kupanikiza ndi jeke. Mphika ukatuluka amausalaza, kuudinda nambala, ndi kuuyanika pamthunzi kwa masiku angapo kapena masabata, malinga ndi nyengo. Dzuwa ndi mphepo zimaumitsa mlomo msanga pansi pakadali ponyowa, ndiye pamabwera ming'alu yopyapyala yomwe diso siliona mpaka mphika utapsa. Nambala ija si yokongoletsa: ndi imene imathandiza kudziwa tsiku, uvuni ndi dongo lomwe mphika wolephera unachokera.

Kuwotcha kumatenga pafupifupi tsiku lathunthu la ntchito, ndipo moto umakwezedwa mosathamanga. Maola oyamba ndi a moto wochepa, wongopitirira pang'ono madigiri 100, kuti chinyontho chotsala chituluke. Mukaukweza msanga, nthunzi imaphulitsa khoma. Kenako utuchi umayamba kupsa, ndipo nthawi imeneyi uvuni umafuna mpweya wokwanira. Mpweya ukachepa, mukaswa mphika mumapeza mzere wakuda pakati pa khoma, kusonyeza kuti makala sanathe kupsa ndipo timabowo sitinatseguke bwino. Pa madigiri 573 mchenga wa quartz wa m'dongo umafufuma mwadzidzidzi, ndipo pozizira umabwereranso pa madigiri omwewo. Amene amatsegula chitseko cha uvuni msanga pofuna kuona ntchito yake amang'alula miphika yabwinobwino. Moto umafika pachimake chapakati pa madigiri 860 ndi 900. Kuchepera apo mphika umakhala wofumbutuka. Kupitirira kwambiri, dongo limathinana ndipo kadonthedwe kamasokonekera. Mu uvuni wa nkhuni kutentha sikufanana pamwamba ndi pansi, n'chifukwa chake amaika tizipilala toyezera moto, tomwe timawerama kutentha kukakwana, m'malo angapo osati pakhomo pokha.

Kuyesa mphika usanaone siliva

Mphika wozizira amauyang'ana, kenako amaugogoda ndi chala. Wabwino umalira ngwee, wong'aluka umangoti phwa. Akatero amaumiza m'madzi uli chilili mpaka pafupi ndi mlomo, osalola madzi kulowera pamwamba, kwa masekondi pafupifupi 10. Pakaoneka dontho kapena malo onyowa mkati, pamenepo pali kanjira kakakulu, mphikawo ndi wotaya.

Yotsala amaiviika m'madzi usiku ndi usana kuti mpweya wa m'timabowo utuluke, kenako kuidzaza ndi kuyeza madzi otsika mu ola loyamba. Malire odziwika ndi lita 1 mpaka malita 3 pa ola, ngakhale mafakitale ena amathinitsa malirewo. Wochedwa kuposa apo banja limatopa nawo n'kubwerera ku madzi osasefa. Wothamanga kuposa apo ndiye kuti timabowo takula.

Komatu kadonthedwe si umboni woti mphika ukutchinga tizilombo. Mphika wa dongo lothina kwambiri wokhala ndi mng'alu umodzi wobisika ungathe kudontha malita 2 pa ola n'kukhoza mayeso. Choncho pa uvuni uliwonse payenera kutengedwa miphika ina yokayesa ndi madzi okhala ndi mabakiteriya, ndipo kuyesako kuchitike siliva asanapakidwe. Siliva watsopano amakhala wamphamvu moti amabisa zolakwika za dongo, zomwe zidzaonekera patapita miyezi mphika uli kale pakhomo pa munthu. Ngati mukuyesa madzi a mphika wopaka kale, m'botolo muyenera kukhala mankhwala oziziritsa silivayo, monga sodium thioglycolate pamodzi ndi sodium thiosulfate. Kupanda apo siliva amapitiriza kupha mabakiteriya m'botolomo pa ulendo wa ku labotale, ndipo zotsatira zimakoma kuposa madzi amene munthu akumwa.

Timabowo ta mphika wabwino si tofanana, ndipo tambiri ndi tatikulu kuposa bakiteriya wa m'chimbudzi wotchedwa E. coli, yemwe ndi wotalika pafupifupi ma nanomita 2,000. Amagwidwa chifukwa njira za m'khoma ndi zokhotakhota ndipo amamatirira m'mbali mwake. Mavairasi ndi nkhani ina: rotavirus ndi wa ma nanomita pafupifupi 70 okha, ndipo ambiri amadutsa.

Siliva: muyezo, kapakidwe ndi kumene amathera

Muyezo wakale wa Potters for Peace ndi mamililita 2 a colloidal silver (madzi a tizidutswa ta siliva tija) wa 3.2 peresenti, osungunulidwa m'madzi oyera okwana mamililita 250 mpaka 300. Apa ndiye kuti mphika umodzi umalandira mamiligalamu 64 a siliva. Mafakitale ambiri amagula ufa wa kampani ya Argenol ya ku Spain, womwe pafupifupi 70 peresenti yake ndi siliva, ndipo tizidutswa take timakhala tokutidwa ndi puloteni kuti tisagwirane. Powerengera muyezo musaiwale kuti galamu ya ufawo si galamu ya siliva.

Mphika uyenera kuuma kotheratu usanapakidwe, chifukwa dongo louma ndi limene limamwa madziwo n'kukokera siliva mkati mwa khoma. Wonyowa, siliva amangokhala pamwamba n'kukokoloka ndi madzi oyamba. Amapaka ndi burashi mkati ndi kunja mpaka madzi onse a muyezo athe. Kunja sikosiya, pakuti ndi kumene kumayang'anana ndi madzi oyera, ndipo ndere ikamera kumeneko imaipitsa zimene mphika wayeretsa. Wosakaniza ufa avale magolovesi ndi chotchinga pamphuno.

Nanga silivayo amapha bwanji? Tizidutswato timakumana ndi mpweya wa okosijeni wa m'madzi n'kumasungunuka pang'onopang'ono, kutulutsa ma ion a siliva, omwe ndi siliva wosungunuka m'madzi. Ma ion amenewa amamatirira ku sulfure ya m'mapuloteni a bakiteriya, n'kusokoneza kupuma kwake ndi khungu lake. Akatswiri a ku Rice University anasonyeza mu 2012 kuti pamalo opanda okosijeni tizidutswa ta siliva sitipha mabakiteriya, kutanthauza kuti wakupha ndi ion, tizidutswato ndi nkhokwe chabe. Ubwino wa kuchepa kwake ndi woti siliva wochepa amakhala ndi malo ambiri okhudzana ndi madzi, ndipo amatuluka mwapang'ono kwa nthawi yaitali. Kuphako kumafunanso nthawi. Kafukufuku wa ku Delft ku Netherlands anapeza kuti maola amene madzi amakhala m'ndowa pamodzi ndi siliva wotuluka mu mphika ndi amene amathandiza kwambiri, osati kungodutsa m'khoma.

Nkhokwe imatha. Tiyerekeze mwa masamu: banja likusefa malita 10 patsiku, ndipo lita iliyonse ikutuluka ndi mamiligalamu 0.01 a siliva. Mamiligalamu 64 aja atha pa masiku 640. Koma madzi akamakokolola mamiligalamu 0.05 pa lita, atha pa masiku 128 okha, mphika ukuonekabe watsopano. Malire amene WHO, nthambi ya zaumoyo ya United Nations, imaona kuti ndi osavulaza ndi mamiligalamu 0.1 pa lita. Madzi oyamba a mphika watsopano amatha kupitirira pamenepo, n'chifukwa chake wogula amauzidwa kutaya madzi a maulendo awiri kapena atatu oyamba.

Chimene chimasankha pakati pa masiku 640 ndi 128 ndi mtundu wa madzi. Madzi a mchere wambiri komanso owawasa amatulutsa siliva msanga. Klorini ndiye woopsa kuposa onse: amasungunula tizidutswato mofulumira, kotero kutsuka mphika ndi jiki kapena kuthiramo madzi omwe ali kale ndi klorini ndi kutaya siliva. Madzi onunkha ngati mazira owola, a sulfure, amakuta tizidutswa ndi chikhungu chakuda chosasungunuka, ndiye siliva amakhalapo koma osagwira ntchito. Ngakhale madzi osungunulira ufa pa fakitale ayenera kukhala opanda klorini ndi mchere. Mukaona asintha mtundu kapena pansi pa botolo padikha zinthu, tizidutswa tagwirana ndipo sitilowanso bwino m'dongo.

       

Zotsatira

Ku labotale miphika yabwino imachita bwino. Oyanedel-Craver ndi Smith anapeza mu 2008 kuti imachotsa pakati pa 97.8 ndi 100 peresenti ya E. coli, ndipo yopaka siliva inkaposa yosapaka. Ku Limpopo komweko, kafukufuku woyesera wa Lydia Abebe ndi anzake, wofalitsidwa mu 2014, anatsata anthu omwe ali ndi HIV ndipo anapeza kuti kutsegula m'mimba kunatsika ndi pafupifupi 80 peresenti mwa amene analandira masefa. Nambalayi ndi yolimbikitsa, koma anthu anali ochepa, ndipo amene walandira sefa amadziwa kuti walandira, zomwe zimakhudza mmene amayankhira akafunsidwa za m'mimba mwake.

Ku Cambodia, Joe Brown ndi Mark Sobsey anatsata masefa omwe anali atakhala kale m'makomo. Kutsegula m'mimba kunali kotsika ndi 46 peresenti mwa ogwiritsa ntchito, koma mwezi uliwonse pafupifupi 2 peresenti ya masefa inkasiya kugwira ntchito, makamaka chifukwa chosweka. Nambala yachiwiriyi ndi imene oyang'anira mapulojekiti ayenera kuiopa. Kugawa masefa kumudzi popanda malo ogulako mphika wina kapena kampopi katsopano ndi kugawa chinthu cha nyengo zochepa.

Pa miyezo ya WHO, chipangizo cha pakhomo chimatchedwa choteteza ngati chikuchotsa 99 peresenti ya mabakiteriya, 99 peresenti ya protozoa (tizilombo tokulirapo kuposa mabakiteriya) ndi 99.9 peresenti ya mavairasi. Mphika wabwino umakwanitsa ziwiri zoyambazo. Pa mavairasi umalephera, kaya upakidwe siliva kaya ayi. Suchotsanso mchere, fluoride kapena chiphe cha arsenic, ndipo dongo lina limatulutsa arsenic wakewake likawotchedwa, monga zinaonekera pa miphika ina ya ku Cambodia. Dongo la fakitale yatsopano liyenera kuyezedwa zimenezi ntchito isanayambe.

Pakhomo

Zolakwika zambiri zimachitika tsiku lotsuka. Madzi amatope amatseka timabowo, kadonthedwe kamatsika, mayi n'kutulutsa mphika kuti autsuke. Amaukhazika pansi kapena pa thandala, kunja kwake kumagwidwa ndi manja, ndowa imatsukidwa ndi madzi osasefa, kenako zonse n'kubwezedwa. Madzi otuluka pambuyo pake amatha kuipa kuposa olowa. Njira yoyenera ndi iyi: mphika unyamulidwe pa mlomo ndi manja osamba, ukhazikidwe pa chivundikiro chake choyera, ukwechedwe mkati mokha ndi burashi yofewa ndi madzi osefa, popanda sopo. Ndowa ndi kampopi ndizo zingatsukidwe ndi sopo kapena klorini, n'kuzitsukuluza bwino mphika usanabwerere. Madzi akakhala amatope kwambiri, ayambe adikha kapena asefedwe ndi nsalu.

Kwa amene angafune kupanga masefawa ku Malawi, mfundo ziwiri zikusiyana ndi Limpopo kapena Nicaragua. Mabanja ambiri anazolowera WaterGuard ndi klorini wogawidwa nthawi ya kolera, makamaka kuchokera pa mliri wa 2022 ndi 2023 womwe unapha anthu oposa 1,700. Chizolowezicho n'chabwino ndipo klorini amapha mavairasi amene mphika umawalekerera, koma malo ake ndi m'madzi osefedwa kale, m'chiwiya china, osati mu mphika. Chachiwiri, mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi a mchere. Kumeneko mphika sungachotse mcherewo, ndipo siliva wopaka adzatha msanga kuposa mmene wogulitsa angalonjezere.

Kusintha kwa kapangidwe

Kukokoloka kwa siliva wopaka ndi kumene kunachititsa gulu la Smith kufuna njira ina. Mu 2013 Ren ndi Smith anayerekeza kupaka ndi burashi, kuviika, ndi kusakaniza siliva m'dongo lisanawotchedwe. Njira yachitatuyi inkatulutsa siliva wochepa kwambiri m'madzi. Siliva amasungunuka ndi moto pa madigiri 962, pamwamba pa moto wa uvuni wa masefa, choncho amatsala m'khoma. Pambuyo pake anayesa kuthira silver nitrate, mchere wa siliva wosungunuka m'madzi, m'madzi okandira dongo, ndipo mu uvuni amasanduka timadontho ta siliva weniweni tomatirira m'timabowo. Silver nitrate ndi wotchipa komanso wosavuta kupeza kuposa ufa woitanitsa ku Ulaya, ndipo antchito sapumanso fumbi la tizidutswa, ngakhale silver nitrate amadetsa khungu ndi kuwononga maso akagweramo. Pa mfundo yomweyi panabadwa MadiDrop, kachidutswa ka dongo lowotcha komwe amakaponya m'chidebe cha malita 10 mpaka 20 n'kudikira usiku wonse. Kamapha tizilombo koma matope sikachotsa.

Njira yowotchera limodziyi ili ndi zovuta zake. Siliva amalowa mu mphika uliwonse, kuphatikizapo imene idzasweke mu uvuni kapena kulephera mayeso a kadonthedwe, ndipo wina amakwiririka mkati mwa dongo mmene madzi safika. Chachikulu n'choti mphika sungayesedwenso wopanda siliva, ndiye mayeso oona ntchito ya dongo palokha amasowa. Fakitale yosankha njirayi iziumba miphika ingapo yopanda siliva pa uvuni uliwonse, kuiika m'malo otentha kwambiri ndi ozizirirapo, ndipo imeneyo ndiyo izipita ku labotale.